Kapu ya Vinyo

Rodolfo anakhala mphindi zisanu ndi ziwiri zokha
m'chipinda cha dokotala.
Ndinaziwerenga ndili pabenchi panja,
jekete lake lili pamiyendo panga.
Anatuluka akupinda kapepala,
ndipo tisanakwere chikepe chobwerera kuphiri la Barón
mapiritsi anayi abuluu anali kale m'thumba mwake.
Palibe anamufunsa ngati amandikonda.
Palibe anamufunsa zaka.

Ine chino n'chaka chachinayi.

Chilakolako chinasamuka osatsanzika,
ngati walendi wothawa ngongole usiku.
M'malo mwake munalowa ululu,
magalasi oswekasweka
omwazidwa pakhomo pa thupi langa.
Ndinaphunzira kuluma pilo.
Ndinaphunzira kusoka mpaka pakati pa usiku,
makatani a mahotela a m'Valparaíso muno,
kudikira kuti mkonono wake uyambe
ndisanazimitse nyali.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.
Ndatsekula zitatu.

Woyamba, Dokotala Echaurren,
maso ali pakompyuta:
"Zaka zingati, mayi?"
Makumi asanu ndi ziwiri.
"Nanga mumayembekezera chiyani?
Muzimwa kapu ya vinyo musanagone. Muzimasuka."
Ndinamwa. Vinyo wa kuno ndi wabwino.
Magalasi aja saledzera.

Wachiwiri anafunsa funso limodzi:
"Bambo kunyumba akudandaula?"
Ndinati ayi, ndine ndikudandaula.
Anandilembera mankhwala a nkhawa
amene anazimitsa ngakhale kakhala kamoto
komwe kanatsala m'phulusa.

Wachitatu analemba osayankhula.
Koma telala amadziwa kuwerenga nsalu kunsi kwake,
ndipo ndinaona mawuwo chozondoka:
wodwalayu amakokomeza.
Sanandikhudze n'komwe.
Ndinavala nsapato,
ndinatsika mpaka kudoko
kukaonerera makontena akunyamulidwa m'mwamba,
chilichonse chili ndi nambala,
chilichonse chikudziwika zimene zili m'kati.

Chitseko chachinayi sindinachifune.
Ndinangopita kukayezetsa khomo la chiberekero
kwa mzamba wa pachipatala chaching'ono,
Eliana Huenchul,
wa imvi ndi manja ozizira amene anayamba wawotha.
Ndinanjenjemera, iye n'kuima.
"Izi zinayamba liti?"
Ndinalira ngati mwana wotayika wapezeka pamsika.

Anatenga kathonje pakamtengo.
"Apa? Nanga apa?
Mundiuze inuyo, thupili ndi lanu."
Kenako anajambula kuseri kwa envelopu
minofu imene ndinali ndisanamvepo dzina lake,
yomangika ngati ulusi wokokedwa mopitirira
mpaka nsalu kuchita makwinya.
"Matendawa ali ndi dzina," anatero,
"ndipo simuli nokha.
Ine kusukulu za ife ndinaphunzira masamba ochepa,
onsewo a kubereka.
Zinazi ndaphunzira kwa amayi ngati inu."

Mphindi makumi anayi.
Izinso ndinaziwerenga.

Sindinganame kuti ndachira.
Pali mafuta opaka madzulo,
pali mafizo Lachiwiri lililonse,
pali masiku omwe magalasi amabwerera.
Koma mwezi watha, m'mawa wa nkhungu,
sitima ikulira kutali,
china chake chinagogoda m'kati mwanga,
mwamanyazi,
ngati walendi uja wabwera kudzafunsa
ngati chipinda chidakalipo.

Mapiritsi atatu a Rodolfo adakali m'dirowa,
tsiku lawo linapitirira kalekale.
Anasiya yekha, usiku umene anaona pilo wanyowa.
Sananene kanthu, nanenso sindinanene,
ndipo zimenezo zinatidyera zaka.

Envelopu ija ndimaisunga m'chikwama,
pamodzi ndi sizasi ndi tepi yoyezera.
Dzulo ndinaitulutsa m'chikepe
kuonetsa Maritza wogulitsa nsomba,
amene anandinong'oneza kuti nayenso
anauzidwa za vinyo.
Anaiyang'ana nthawi yaitali,
mamba akumatirira papepala,
mpaka tinafika pamwamba
ndipo woyendetsa anachita kutikumbutsa kuti titsike.